Ndani Amalipira Kukongola kwa Mzinda?

Muofesi ya parishi muli buku limene timalembamo maina a anyamata ndi atsikana amene abwera kudzayamba maphunziro a ukwati. Tikamatsegula masamba ake masiku ano timapeza maina amene adalembedwa chaka chatha, ena chaka cha dzana, koma malo olembapo tsiku la ukwati akadali oyera. Tikaŵafunsa eni ake kuti chatsitsa dzaye nchiyani, yankho limakhala lomwelomwelo: "Bambo, tikudikira kuti tipeze nyumba." Mnyamata wina, mphunzitsi wa kupulayimale mumzinda wa Lilongwe, adatulutsa cholembera natiŵerengera pakapepala. Nyumba ya zipinda ziŵiri yokhala ndi mpopi pabwalo ikadamudyera theka la malipiro ake, ndipo mwini nyumba amafuna lendi ya miyezi itatu asadapereke kiyi. Poloti lovomerezeka adalifunsira zaka zinayi zapitazo. Kufikira lero akungouzidwa kuti abwerenso maŵa. Mtsikanayo adangokhala chete, maso ali pansi, akupotokola nsonga ya chitenje.

Makolo athu vuto lotere sankalidziŵa. Mkamwini akafika pamudzi, atsibweni a mkazi ankamuloza malo, anzake nkumuthandiza kudula nsichi ndi phaso, amayi nkumweta udzu ndi kumata zipupa. Pakutha pa masabata oŵerengeka utsi unkafuka padenga latsopano. Mwambi woti mutu umodzi susenza denga udabadwira pantchito yeniyeni imeneyi. Sitikunena kuti kale kudali paradizo, iyayi. Nyumbazo zinkadontha ndipo chiswe chinkazidya. Koma munthu wa manja aŵiri sankasoŵa pogona. Lero munthu yemweyo, ndi manja ake omwewo, akaumba njerwa namanga kanyumba pamalo opanda chilolezo, amatchedwa wophwanya lamulo, ndipo tsiku lina angathe kudzutsidwa ndi kulira kwa chigalimoto chogumulira nyumba. Tsono funso limene tifuna kuliganizira pamodzi mwezi uno nali: kodi boma lili ndi mphamvu yoletsa munthu kudzimangira pogona? Ngati lili nayo, mphamvuyo imalekeza pati?

Tiyambe taona m'mene Lilongwe watsopano adabadwira. Mzindawu sudamere wokha ngati udzu wa m'dondo. Udayamba wajambulidwa papepala. Boma litatsimikiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, akatswiri a ku South Africa adalemba pulani yake m'chaka cha 1968, ndipo likulu lidasamukadi mu 1975. Akatswiriwo adalota mzinda wonga munda wa maluŵa: mitengo yambiri, mabwalo otakasuka, nyumba zotalikirana, dera lililonse ndi ntchito yake. Akuluakulu adaŵaikira mapoloti aakulu ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, kufupi ndi Capital Hill. Anthu wamba adaŵakonzera malo otchedwa Traditional Housing Areas, monga ku Kawale, ku Chilinde ndi ku Area 25, kumene munthu ankapatsidwa kapoloti, mseu ndi madzi zili pafupi, naloledwa kumanga ndi zipangizo zimene akadatha, ngakhale zidina, kuti adzakonze pang'onopang'ono akadzapeza ndalama. Maganizo otsirizaŵa adali anzeru, ndipo tidzaŵatchulanso.

Koma pepala silibereka, pamene anthu amabereka. Pa kalembera wa 1966 mu Lilongwe mudali anthu osakwana 20,000. Mu 1977 adali pafupifupi 99,000. Pa kalembera wa 2018 adapezeka 989,318. Mapoloti ovomerezeka sadathamange liŵiro limeneli. Amene adasoŵa malo papepala sadabwerere kumudzi; adapita kwa mafumu a m'mbali mwa mzinda, nagula kamalo, namanga. Umu ndi m'mene adakulira malo onga Mtandire, Chinsapo ndi Mgona, ndipo lero anthu oposa theka a mumzindawu amakhala m'malo amene pulani sidaŵalote nkomwe. Mlonda amene amachezera usiku pageti la nyumba ya ku Area 47, ndi mayi amene amachapa zovala m'nyumbamo, amagona ku Mtandire, kufupi pomwepo. Mzinda umafuna thukuta lawo masana. Usiku lamulo limachita ngati kulibe.

Pali akatswiri a zachuma amene amati mankhwala a vutoli ngapafupi: boma lichotse dzanja lake, msika ugwire ntchito mwaufulu. Akhristu ambiri tikamva mau oti msika timakwinya nkhope, poganiza kuti akutamanda umbombo. Tisafulumire. Mfundo yawo ndi imene mayi aliyense wogulitsa tomato amaidziŵa: tomato akachepa mtengo umakwera, akachuluka mtengo umatsika. Ngati mabanja chikwi akufuna nyumba, koma lamulo lalola kuti pamangidwe nyumba zana limodzi lokha, nyumbazo zidzapita kwa mabanja zana olemera koposa. Otsalawo adzapanikizana m'zipinda za lendi kapena adzathaŵira kumalo osaloledwa. Lamulo loti poloti lisachepere muyeso wakutiwakuti, loti papoloti pakhale nyumba imodzi yokha, loti nyumba isakhale yosanjikiza, lililonse limachepetsa chiŵerengero cha mabanja amene angakhale pamalopo. Kenaka pali kudikira. Pulani ikagona muofesi chaka chathunthu osasainidwa, simenti ndi malata zimakhala zikukwera mtengo. Ndipo pamzere wautali mpamene pamamera ziphuphu, pakuti chilolezo chikasoŵa chimasanduka katundu wogulitsa.

Dziko limene lingatiphunzitse bwino zimenezi ndi England, kumene kudachokera malamulo athu ambiri. Ngakhale lamulo lathu la mapulani la 1988, limene lidaloŵedwa m'malo ndi lina mu 2016, lidatenga dzina la lamulo la kumeneko. Mu 1947 nyumba ya malamulo ya ku Britain idakhazikitsa Town and Country Planning Act. Kuyambira pamenepo, kukhala mwini malo sikudapatsenso munthu ufulu womangapo. Nyumba yatsopano idayenera kupemphedwa kwa khonsolo. Mu 1955 boma lidalimbikitsa makhonsolo kuti azinge mizinda ndi lamba wa minda ndi nkhalango wosamangapo, ndipo lero lambayu amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 a dziko lonse la England. Cholinga chidali chabwino: mizinda isameze midzi, ana a mumzinda aziona msipu. Koma taonani mtengo wake. Mu 1997 nyumba ya pakatikati inkafuna malipiro a zaka 3 ndi theka a wantchito wa pakatikati. Pofika mu 2022 inkafuna malipiro a zaka zoposa 8. Zifukwa zina ziliponso, monga kutsika kwa chiongoladzanja cha ngongole ndi kuchuluka kwa anthu, komabe nchodziŵika kuti munda wa tirigu ukangolandira chilolezo chomangapo nyumba, mtengo wake umaŵirikiza kambirimbiri, dothi lili lomwelo. Chimene wogula amalipira si dothi. Ndi sitampa ya khonsolo. Abale athu amene amagwira ntchito m'zipatala za ku London amatha kuchitira umboni za m'mene lendi imaŵasiyira m'manja muli gwa, ngakhale ife kuno timaganiza kuti akusambira m'ndalama.

Chimene chimatikhudza kwambiri m'nkhani ya England nchakuti lamulolo lili ndi olikonda, ndipo olikondawo ndi anthu abwino. Ndi anthu amene ali kale ndi nyumba. Khonsolo ikalengeza kuti pamalo ena pamangidwa nyumba zatsopano, iwo amabwera kumsonkhano nadandaula za phokoso, za magalimoto, za mitengo imene idulidwe. Madandaulo awo ngoona. Koma banja limene likadakhala m'nyumba yosamangidwayo silibwera kumsonkhano, chifukwa silidziŵa nkomwe kuti nyumbayo ikadakhala yake. Wopindula ali ndi dzina ndi nkhope, wotaya alibe. Ndipo mwini nyumba uja, nyumba zatsopano zikakanidwa, yake imakwera mtengo iye ali mtulo.

Kodi kumasula malamulo kumathandizadi? Mu 2016 mzinda wa Auckland ku New Zealand udasintha pulani yake, nulola kuti pa magawo atatu mwa anayi a malo okhalamo anthu pamangidwe nyumba zogundizana ndi zosanjikiza. Pofika mu 2022 zilolezo za nyumba zatsopano pachaka zidali zitaŵirikiza kaŵiri, ndipo akatswiri a payunivesite ya mumzindawo adapeza kuti lendi idakwera mochepa kuposa m'mene ikadakwerera. Nyumba za ku Auckland sizidasanduke zotchipa. Koma pamenepa a msika adanena zoona, ndipo nkoyenera kuŵavomereza.

Kuseminale tidaphunzira kuti Thomas Aquinas Woyera amayesa lamulo ndi miyeso itatu: likhale lofuna ubwino wa anthu onse, likhazikitsidwe ndi amene ali ndi mphamvu yotero, ndipo katundu amene limasenzetsa anthu agaŵidwe molingana ndi mphamvu zawo. Masiku amenewo tinkaloŵeza zimenezi kuti tikhoze mayeso. Lero tikuona kuti muyeso wachitatuwo ndi umene malamulo ambiri a zomangamanga amagwerapo. Kukongola kwa mzinda nkwabwino, ndipo tonse timakondwa nako. Koma ngati mabwalo otakasuka a ku Area 10 amalipiridwa ndi mwana wa ku Mgona amene amagona m'chipinda chimodzi ndi makolo ake ndi alongo ake akuluakulu, katunduyo sadagaŵidwe molungama. Woyera yemweyo adaphunzitsanso kuti lamulo la anthu liyenera kukhala lotheka kwa anthu ambiri, osati kwa ochepa okha. Lamulo limene oposa theka a mumzinda sangathe kulisunga, ngakhale atafunitsitsa, sililangiza munthu. Limangosandutsa amphaŵi kukhala olakwa. Papa Leo XIII, m'kalata yake ya 1891 yonena za anthu apantchito, adafuna kuti malamulo azithandiza anthu ambiri, m'mene kungathekere, kukhala ndi kanthu kawokawo; ndipo Papa John XXIII mu 1963 adaŵerengera pogona pakati pa maufulu a munthu aliyense, pamodzi ndi chakudya ndi chovala.

Tikadalekeza pamenepa, wina akadati wansembe waloŵa chipani cha msika. Koma ife amene tidaona Malichi wa 2023 sitingayankhule mopepuka za kuchotsa malamulo onse. Namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, matope ndi miyala zidatsika phiri la Soche nkukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. M'dziko lonse anthu oposa 600 adatsimikizika kuti afa, ndipo ena oposa 500 sadapezeke. Lamulo loletsa kumanga pamtsetse wa phiri kapena m'mphepete mwa mtsinje si lamulo la kukongola. Limateteza moyo, wa womangayo ndi wa mnzake amene ali kunsi kwake. Chimodzimodzinso lamulo lotalikitsa chimbudzi ndi chitsime. Kolera amene adayamba mu 2022 nafika mpaka 2023 adapha anthu oposa 1,700, ndipo m'mizinda adakonda kwambiri malo othithikana opanda madzi abwino. Munthu angathe kunena kuti poloti ndi langa, ndichita zimene ndifuna. Koma madzi a pansi pa nthaka sadziŵa malire a poloti.

Komabe tifunse mwachilungamo: kodi anthu adakwera phiri la Soche chifukwa chokonda mphepo ya pamwamba? Ambiri adakwera chifukwa malo athyathyathya, otetezeka ndi ovomerezeka adali osafikirika. Lamulo loletsa kumanga paphiri lidalipo; chimene chidasoŵa ndi malo ena oti munthu wosauka apiteko. Apa mpamene nkhani ziŵirizi zimakumana. Boma likachulukitsa malamulo osafunikira, limakankhira anthu kunja kwa lamulo, ndipo akakhala kunjako, ngakhale malamulo ofunikira aja saŵafikanso. Amene adamanga mobisa sapita kukafunsa katswiri ngati nthaka njolimba.

Msika nawonso uli ndi ugonthi wake. Papa John Paul II, m'kalata yake ya 1991, adavomereza kuti msika waufulu ndi chida champhamvu chogaŵira chuma, koma adachenjeza kuti umangomva zosoŵa zimene zili ndi ndalama kumbuyo kwake. Mayi wamasiye wogulitsa mandasi amasoŵa nyumba kuposa wina aliyense, koma kusoŵa kwake kulibe mau pamsika. Ngakhale malamulo onse atachotsedwa lero, palibe kampani imene ingamumangire nyumba, pakuti palibe phindu. Msika sulambula mseu wopita kwa anthu osauka, sukumba ngalande, susiya bwalo loseŵerera ana. Ku Britain, lamulo la 1980 la boma la Margaret Thatcher lidalola anthu okhala m'nyumba za makhonsolo kuzigula pamtengo wotsika. Mabanja ambiri adakondwa, ndipo ku England kokha nyumba pafupifupi 2 miliyoni zidagulitsidwa motero. Koma makhonsolo sadamange zina zokwanira kuloŵa m'malo mwake, ndipo zambiri mwa zogulitsidwazo lero zikuchititsidwa lendi ndi anthu ena pamtengo wokwera. M'badwo umodzi udadya. Wotsatira udapeza mbale zotsuka.

Ndipo kwathu kuno tikudziŵa mtundu wina wa msika. Yendani m'mbali mwa mizinda yathu, mudzaona mapoloti ozingidwa ndi mpanda wa njerwa, mkati muli thengo lokhalokha, zaka ndi zaka. Mwini wake ali nawo asanu kapena khumi. Sakufuna kumanga, akudikira kuti mtengo ukwere. Mpingo umalemekeza umwini wa katundu, koma sudalekepo kuphunzitsa kuti Mulungu adapereka dziko kwa anthu onse, ndi kuti umwini uli pansi pa cholinga chimenechi. Chimanga tingathe kulima china chaka chamaŵa. Nthaka ya pafupi ndi mzinda palibe angaichulukitse. Amene amaisunga osaigwiritsa ntchito sadaonjezepo kanthu pa mtengo wake. Adauonjeza ndi anthu amene adabwera, mseu umene boma lidamanga ndi misonkho ya tonse. Ngati pali pamene dzanja la boma liyenera kulemera, mpamenepa, mwa msonkho wa malo ogonekedwa. Koma kaŵirikaŵiri dzanjalo limalemera pa kanyumba ka zidina, nkupepuka pa mpanda wopanda nyumba.

Chaona mnzako chapita, maŵa chiona iwe. Mu Meyi 2005 boma la Zimbabwe lidayamba kugumula nyumba ndi misika zosaloledwa pa ntchito imene lidaitcha Murambatsvina. Nthumwi ya bungwe la United Nations, mayi Anna Tibaijuka a ku Tanzania, adapeza kuti anthu pafupifupi 700,000 adataya nyumba kapena ntchito, kapena zonse ziŵiri, m'nyengo yozizira. Malamulo amene adagwiritsidwa ntchito adali otsala a nthaŵi ya atsamunda, olembedwa pamene munthu wakuda ankayesedwa mlendo mumzinda. Adauzidwa kuti abwerere kumudzi. Pakati pawo padali zidzukulu za anthu athu amene adapita ku Rhodesia kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, zimene zidalibe mudzi wobwererako.

Tsono ife tikuona chonchi. Boma lili nayo mphamvu yoletsa, koma liyenera kuyankha pa chiletso chilichonse: kodi chikuteteza yani, ku ngozi yanji, ndipo ndani akulipira? Chiletso choteteza moyo ndi thanzi la mnansi chikhale, ndipo chigwire wolemera ndi wosauka chimodzimodzi. Chiletso chongoteteza maonekedwe, kapena mtengo wa nyumba za amene adafika kale, chiyenera kugonja pamaso pa banja losoŵa denga. Ntchito yaikulu ya boma ndi ija imene oyamba aja adaiyamba nkuisiyira panjira: kupima malo otetezeka mzinda usadafikeko, kulambula miseu, kufikitsa madzi, kudula mapoloti ang'onoang'ono ochuluka, kupereka pepala la umwini msanga ndi pamtengo wotheka, kenaka nkumusiya munthu kuti amange chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamaŵa. Amalaŵi sadalepherepo kumanga. Mbayani ndi Ndirande sadamangidwe ndi kampani.

Nkwapafupi kuloza chala boma. Koma eni nyumba za lendi ambiri amakhala m'mabenchi athu Lamulungu lililonse, ena ngapampando a miphakati. Kuchititsa lendi si tchimo. Amene adamanga zipinda zinayi kuseri kwa nyumba yake adathandiza mabanja anayi, mwina kuposa ife olalika. Koma amene amakweza lendi kaŵiri pachaka denga likudontha, amene amasunga mabanja khumi pa chimbudzi chimodzi, amene amakana banja chifukwa lili ndi ana, adziŵe kuti zimenezi nzoyenera kutchulidwa pa kulapa monga zina zonse. Nafenso a Mpingo tisadzipatule. Mamishoni athu ena adalandira malo aakulu pamene mizinda idali kutali; lero mizinda yaŵazinga. Funso loti malo otsalawo akutumikira yani liyenera kufunsidwa m'makhonsolo athu a parishi, ngakhale likhale loŵaŵa.

Mphunzitsi uja adabweranso sabata latha. Adatopa nkudikira, ndipo adagula kamalo kwa amfumu ena m'mbali mwa mzinda, kopanda pepala la boma. Zidina waumba kale. Adatifunsa, mau akunjenjemera pang'ono, ngati nkuchimwa kumanga popanda chilolezo. Sitidamuyankhe msanga. Tidayamba tamufunsa ngati malowo ali pamtsetse kapena m'dambo, ngati sadaloŵerere munda wa munthu kapena njira ya anthu, ngati chimbudzi chidzatalikirana ndi chitsime cha anansi, ndi ngati adapereka chiphuphu kwa wina aliyense. Atayankha zonsezo bwino, tidamuuza kuti chikumbumtima chake chisamutsutse, koma asaleke kulondola mapepala, alembetse malowo mwai ukangopezeka, ndipo adziŵe kuti kufikira pamenepo nyumbayo ingathe kugumulidwa, iye osapatsidwa kanthu. Adati akudziŵa, mtsikanayo nayenso adati akudziŵa. Malata alonjezedwa ndi atsibweni ake a mtsikanayo akadzagulitsa fodya. Ukwati tidaulemba pa Loŵeruka lachiŵiri la Okutobala, mvula isadayambe.